Telala Amene Anakasaka Nkhanga Atakhala Pansi

Panali munthu wina, telala, amene anakakwatira kumudzi wa alenje.

Munthuyu anakulira pakhonde la sitolo, mapazi ali pa makina. Singano ankaidziwa, sizasi ankaidziwa, koma tchire ankangolionera pawindo la basi. Atakwatira anakakhala kwawo kwa mkazi wake, Nangozo, monga mwambo wa kumeneko unalili, ndipo makina ake anawaika pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu. Kukacha ankakhala pansi. Dzuwa likafika paliwombo anali chikhalire. Madzulo ankadzuka, n'kusasa tiulusi pa thalauza, n'kulowa m'nyumba.

Alamu ake analipo atatu, onse anthu a agalu ndi zibonga. Wamkulu anali Dzonzi, mwamuna wa mawu aakulu, woti akanong'ona amamveka tsidya la mtsinje. Sankamuda telalayo ayi. Ankangomuseka, ndipo inu mukudziwa kuti nthabwala za pachilamu sizipita kubwalo la milandu.

"Alamu," ankatero Dzonzi akamadutsa ndi agalu ake, "tadzukaniko tione ngati simunamere mizu pampandopo."

Telala ankangomwetulira n'kupitiriza kusoka.

Chaka china Nangozo anadwala kwambiri. Anagona m'chipatala masabata atatu, ndipo a chipatala anagwira ntchito yawo mpaka matenda anatha. Koma anabwerera kunyumba chilakolako cha chakudya chitamuthera. Phala ankangolilawa n'kukankha mbale. Nthochi ankangoiyang'ana. Namwino anali atachenjeza kale kuti munthuyu akapanda kudya, mankhwala okha sadzamudzutsa pamphasa.

Amene ankadziwa bwino mmene zinthu zinkaipira anali telala yemweyo, chifukwa ndiye ankabweza diresi la mkazi wake. Analibweza kamodzi. Analibwezanso. Atatenga tepi kachitatu n'kuzunguliza m'chiuno mwa Nangozo, nambala imene anaona sanaitchule. Anachita mantha munthu uja.

Tsiku lina Nangozo anayankhula ndi mawu otsika.

"Abambo, chimene mtima wanga ukufuna ndi msuzi wa nkhanga. Uja ankatiphikira malemu bambo anga akabwerako kutchire."

Telala anathamangira kwa mnansi wina amene ankaweta nkhanga, anamusokera zovala, n'kubwerako ndi mbalame yonenepa. Nangozo analawa supuni imodzi n'kutembenukira kukhoma.

"Iyi ndi ya pakhomo. Yakulira madeya ngati nkhuku. Ine ndikunena ya kutchire."

Musamuweruze wodwala. Pakamwa pa munthu wodwala pamakumbuka zinthu zimene ife a thanzi tinaiwala.

Telala anapita kwa alamu ake. Dzonzi anamumvetsera, ndipo ulendo umenewo sanaseke.

"Alamu, ameneyu ndi mlongo wathu. Tikanakhala nayo tikanamupatsa kalekale. Chaka chino sitinagwireko ndi imodzi yomwe. Nkhanga za tchire lija zinachenjera."

Tchire limene ankanenalo linali kuseri kwa mudzi, pakati pa mtsinje ndi phiri. Silinali nkhalango yoletsedwa, silinalinso munda wa munthu. Linali la aliyense, ndipo chimenecho ndicho chinali vuto lake. Midzi inayi inkasakamo. Loweruka lililonse amuna ankakumana pamlatho wa mitengo, n'kulowa onse ndi njira imodzi, agalu patsogolo, mluzu ndi mfuu pambuyo, ulendo wa kuphiri. Makolo awo ankalowera pomwepo, iwonso ankalowera pomwepo. Nkhanga za kumeneko zinkalidziwa Loweruka kuposa mwana wa sukulu.

"Loweruka likubwerali ndipita nawo," anatero telala.

Dzonzi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kungoti, "Tchire ndi la aliyense, alamu."

Telala analibe galu, ndipo chibonga sanachiponyepo chibadwire. Anadula mphanda ya mtengo, anacheka mphira ya chubu cha njinga, anasoka kachikopa kake mwaluso, n'kukhala ndi legeni. Loweruka m'mawa anatulukira pamlatho atavala shati yoyera, yosita bwino, chifukwa telala satuluka pakhomo ndi chovala cha makwinya. Alenje a midzi inayi anaseka mpaka agalu anayamba kuuwa.

"Alamu, mwabwera kudzasaka kapena kudzakwatitsa?"

Tsiku limenelo nkhanga sanaione n'komwe. Nkhanga ndizo zinamuona, iye akuwala m'tchire ngati nsalu yoyanikidwa. Anabwerera kunyumba shati itang'ambika mkono, ndipo madzulo anaisoka yekha.

Loweruka lachiwiri anavala shati yakuda. Anamva nkhanga ikulira patsogolo, anathamangira komweko, anaiona patali ikuthawa, n'kukoka legeni ali chithamangire. Mwala unapita n'kukamenya galu wa Dzonzi pantchafu. Galuyo analira momvetsa chisoni, ndipo Dzonzi anakalipa tchire lonse linamva.

"Ngati mulibe chochita, kasokeni zigamba! Ndipo mudziwe, nkhanga ukaimenya pathupi wangoisasa fumbi. Imafa ndi pamutu, ndipo pamutupo simungapaone muli kutali chonchi."

Telala anapepesa. Mawu a chipongwewo anawasiya kutchire konko, koma a pamutuwo anawasunga.

Loweruka lachitatu zinafika poipa. Asanapite patali, munga waukulu unaboola nsapato yake n'kulowa kuphazi. Anzake sanamudikire. Anatsimphina n'kukakhala pansi pa chitsamba cha kankhande, m'mphepete mwa khwawa louma, kumbuyo kwenikweni kwa alenje onse. Anazula mungawo, n'kungokhala. Mtima unali utasweka. Ankaganiza za mkazi wake ali pamphasa, ndi za nambala ija ya pa tepi.

Mfuu ya alenje inapita kutali mpaka inayamba kumveka pang'onopang'ono. Iye anali chikhalire, pakuti kukhala ndiyo inali ntchito imene thupi lake linkaidziwa. Ndipo ali chomwecho anamva tsekeretsekere m'masamba ouma a m'khwawa.

Zinali nkhanga. Sizinkauluka, sizinkalira. Zinkayenda chamdondomeko, mitu ili pansi, kutsika ndi khwawa, kubwerera kumene alenje anachokera. Anaziwerenga zinakwana khumi ndi zinayi. Zinatuluka m'khwawamo, zinafika patsinde pa chulu china chapafupi, n'kuyamba kusamba fumbi mosatekeseka, ngati kuti kunja kulibe galu. Telala anadzidzimuka n'kutambasula dzanja kuti atenge legeni. Imodzi inaona dzanjalo, inakuwa, ndipo zonse zinauluka.

Akuluakulu amati nkhanga zinapangana kusanapse. Iye anaona ndi maso ake kuti zinalidi zitapangana. Alenje akamakwera kuphiri ndi phokoso lawo, izo zinkawazemba n'kutsikira m'khwawa, n'kudzapuma kumbuyo kwawo, kumene munthu aliyense anali atadutsa kale ndipo panalibe woganiza zobwererako.

Anabwerera kumudzi akutsimphina, chimanjamanja, koma sanauze munthu chimene anaona. Sikuti anali womana. Ankadziwa kuti akangonena, Loweruka lotsatira amuna makumi atatu ndi agalu awo adzathamangira kuchulu chija, ndipo nkhanga zidzapangananso zina.

Lolemba m'mawa anafunditsa makina ake nsalu n'kupita kutchire yekha. Anafika pachulu n'kuyamba kugwira ntchito monga telala. Inu mukudziwa kuti telala wabwino sadula nsalu ya mwini asanayeze. Anayang'ana mapazi a mbalamezo, kumene ankatulukira ndi kumene ankalowera. Anapeza timaenje ta fumbi, tina takale, tina tatsopano, ndi nthenga za mawangamawanga. Anasankha chitsamba chokhalapo, choti dzuwa la m'mawa lidzakhale kumsana kwake. Kenako anatulutsa tepi m'thumba n'kuyeza kuchokera pachitsambapo kukafika pa dzenje lalikulu la fumbi. Anapeza matepi asanu ndi imodzi.

Atafika kunyumba anayeza matepi asanu ndi imodzi kuseri kwa nyumba. Anazika kamtengo, pamwamba pake n'kuikapo kachubu kaja kamatsala ulusi ukatha, kakang'ono ngati mutu wa nkhanga. Anakhala pansi n'kuyamba kulasa. Sankalasa ataimirira, sankasendera pafupi kapena kutali. Tsiku loyamba anaphonya mpaka chala chinatupa. Tsiku lachitatu kachubu kanayamba kugwa. Tsiku lachisanu kankagwa kanayi pa kasanu, pakuti diso lozolowera bowo la singano silichedwa kuphunzira.

Anatenganso matumba awiri a ziguduli, anawadula, anawasoka chovala chofika m'mapazi, cha chipewa chake chomwe. Anachiviika m'matope a kudambo, n'kuchipaka phulusa la udzu wopsa. Chinali chovala chonyansa kuposa chilichonse chimene anasokapo, ndipo anachisoka mosamala kuposa suti ya ukwati.

Sabata imeneyo Nangozo anasiya ngakhale kulawa phala. Ankangomwa madzi. Lachisanu anamuitana mwamuna wake.

"Abambo, lekani kudzivutitsa. Inu si mlenje. Khalani pano ndizikuonani."

Mawu amenewo anamulasa mtima. Anagwira dzanja la mkazi wake, lopepuka ngati phesi, n'kunena kuti, "Mundilole mawa lokha, amayi."

Loweruka, mame asanaume, telala anafika pamlatho atavala chiguduli chake. Alenje anali atangoyamba kusonkhana. Atamuona, wina anati, "Kalanga ine, matenda a mkazi amuzunguza mutu." Dzonzi anachita manyazi chifukwa cha mlamu wake, ndipo anamukokera pambali.

"Alamu, bwererani kunyumba. Anthu akukusekani."

"Alekeni aseke," anatero telala. "Ine ndili ndi pempho limodzi. Lero musake monga mwa masiku onse, ulendo wa kuphiri. Ndipo mukuwe kwambiri, alamu. Mawu muli nawo."

Gulu linalowa ndi njira yake ya makolo. Telala analisiya lipite, n'kupatukira kukhwawa yekha. Anafika pachitsamba chake, anakhala pansi, anapinda miyendo, anaika mwala wosalala m'kachikopa, anakweza manja pamaondo legeni italoza kale kudzenje la fumbi, kuti nthawi ikafika asadzasunthe kanthu koma kukoka kokha. Ndipo anakhala.

Mfuu inakwera phiri. Mawu a Dzonzi ankamveka pamwamba pa onse. Dzuwa linakwera, chiguduli chinayamba kutentha, thukuta linayenderera m'maso. M'khwawa munali zii. Mtima unayamba kumunong'oneza kuti tsiku lija zinangochitika mwangozi, kuti adzuke athamangire anzake mwina angapezeko kanthu. Sanadzuke.

Kenako nyerere za pachulu zinamupeza. Zinalowa kumwendo kwa thalauza n'kuyamba kukwera. Inaluma yoyamba, inaluma yachiwiri. Pa nthawi yomweyo anamva tsekeretsekere m'masamba.

Yoyamba kutulukira inali yaikulu, ya chipewa chachitali pamutu. Inaima pamlomo pa khwawa, patali, khosi lili njo, ikuyang'ana uku ndi uku. Inayang'ana chitsamba chimene iye anakhalapo. Inayang'anitsitsa. Nyerere zinali zitafika pabondo, ndipo mwendo wonse unkayaka moto. Dzanja linkafuna kukanda, dzanja lomwelo linkafuna kulasa. Koma mbalameyo inali kutali ndi muyeso wake, mwina matepi khumi, ndipo iye anali atalasapo kale galu chifukwa cha phuma. Anadziuza kuti, nsalu iyi ndi imodzi yokha, ndikaidula molakwa palibe ina. Sanaphethire.

Nkhanga ija inaona chulu, inaona chitsamba, inaona mulu wa zinyalala pansi pa chitsambacho. Inatsitsa khosi. Inayenda pang'ono, inajompha pansi, inayendanso. Zinzake zinatuluka pambuyo pake. Inafika pa dzenje lalikulu lija, inapalasa kawiri, inagona m'fumbi, n'kutukula mutu.

Matepi asanu ndi imodzi.

Telala anakoka mphira pang'onopang'ono mpaka kukhutu, monga ankachitira kuseri kwa nyumba, n'kusiya.

Phaa! Gulu lonse linauluka ndi phokoso lalikulu, fumbi lili koboo. Fumbilo litatsika, imodzi inali itatsala, ikuphupha patsinde pa chulu. Munthu uja anadumpha, miyendo yadzanzi inamugwetsa, anakwawa ndi maondo, n'kuigwira ndi manja awiri. Inali yolemera, yofunda. Anaimirira pakati pa tchire la aliyense, chiguduli chili m'thupi, nyerere zili m'thalauza, n'kufuula mfuu imene sanafuulepo chibadwire.

Analowa m'mudzi dzuwa lisanafike paliwombo, nkhanga ili m'manja. Amayi a pachitsime anayamba ndi kuseka chovala chija, koma ataona chimene ananyamula kuseka kunasanduka nthungululu. Iye sanaime. Anafika pakhomo, anasosola mbalameyo yekha, anasonkha moto. Nangozo anamva fungo la nthenga zowauka ali m'nyumba, ndipo anayankhula mawu amene anamveka mpaka pabwalo.

"Musathiremo mafuta. Mchere wokha."

Msuzi utapsa anaupititsa m'mbale yaing'ono. Nangozo anadzuka yekha n'kutsamira khoma. Ananunkhiza. Analawa supuni imodzi n'kutseka maso. Analawa yachiwiri. Kenako anaika supuni pansi, anagwira mbale ndi manja awiri, n'kumwa mpaka pansi pa mbale panaoneka. Anatambasula dzanja, mbale ili m'manja.

"Watsalamo wina?"

Telala anamuthirira wina, ndi kanyama ka pachiganga. Kenako anatuluka, anazungulira kuseri kwa nyumba kumene kunali kamtengo kake kolasapo, n'kulira ngati mwana. Kunali kulira kwa chimwemwe.

Madzulo alenje anabwerako, agalu malilime ali panja, m'manja muli zibonga zokha. Dzonzi, mawu atasasa ndi kukuwa, anaima pakhomo la mlamu wake. Anaona nthenga za mawangamawanga zili mbwee pabwalo. Anasuzumira m'nyumba n'kuona mlongo wake akutafuna. Anavula chipewa.

Chilakolako cha chakudya chikabwerera sichibwera chokha. Mawa lake Nangozo anadya phala. Mkuja wake anapempha mbatata. Telala anapitanso kuchulu Loweruka lina n'kubwerako ndi ina, kenako anazisiya zipume, pakuti anati tchire la aliyense ukalikombeza mawa udzapezamo fumbi lokha. Mwezi usanathe Nangozo ankayenda yekha mpaka pa mtengo wa mango, n'kumakhala pambali pa makina.

Ali pomwepo tsiku lina, anaona Dzonzi akubwera wopanda agalu, matumba awiri a ziguduli ali m'khwapa. Anafika, anakhosomola, anayang'ana kumbali.

"Alamu, mundiyeze."

Telala anatenga tepi, anaiyang'ana, n'kuibwezera m'khosi. Anakoka kampando n'kukaika pamthunzi.

"Chovala n'chosavuta, alamu. Takhalani kaye apa mpaka dzuwa lifike paliwombo, osayankhula, osadzikanda. Tione ngati mungamere mizu."

Nangozo anaseka mpaka misozi, kuseka kwa munthu wamoyo, koti anthu odutsa mumsewu anatembenuka. Ndipo tsiku lomwelo telala anatenga diresi lija, analiyala pamaondo, n'kuyamba kumasula misoko yonse imene anabweza.

Tsono inu amene mwamaliza maphunziro a ntchito zamanja lero, mawa mukulowa m'tchire la aliyense. Mukapezamo anthu amene anayamba kale, a agalu awo ndi njira zawo, ndipo adzakusekani shati yanu yoyera. Alekeni aseke. Mudzalasa galu, mudzaponda munga, musabwerere kunyumba chifukwa cha zimenezo. Koma musakapikisane nawo liwiro, chifukwa liwirolo ndi lawo. Kaoneni kumene onse akuthamangira, ndipo mufunse chimene chikutsala kumbuyo kwawo. Yezani musanadule. Ndipo chija amakusekani nacho musachisiye pakhomo, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwina luso limene mukuchita nalo manyazi ndilo lidzadzutse munthu wanu pamphasa. Nyamulani tepi yanu, kalowenimo.